Nyumba ya namwino ili pafupi, bwalo lake lili kutali

Zipatala zing'onozing'ono za m'midzi ya Machinga ndi Balaka, kaya za boma kaya za mishoni monga cha pa Nsanama pa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja, zinamangidwa ndi lingaliro limodzi: namwino azigona pomwe pali ntchito yake. Nyumba za ogwira ntchito zimandandalikidwa kuseri kwa chipatala kapena pambali pake, mtunda woti munthu akakuwa mawu amafika. Chifukwa chake nchodziwika. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere saona kuti ndi usiku, ndipo mwana wokomoka ndi malungo sangadikire kuti kuche. Abale amafika ndi wodwala pa njinga, mlonda amathamangira pa zenera nkugogoda, "Anesi, kwabwera matenda," ndipo namwino amadzuka, kumanga chitenje, nkutuluka akuwunikira njira ndi foni. Kuyandikira kumeneku kwapulumutsa anthu osawerengeka. Koma khomo limene mlonda amagogoda pofuna thandizo ndi lomwelo limene anthu okwiya amalidziwa tsiku limene zinthu zavuta. Mbiri ya unamwino kuno kwathu ikuonetsa kuti dandaulo la munthu wofedwa limalowa pa khomo limene lili pafupi, ndipo ife tinayandikitsa nyumba ya namwino kwinaku bwalo loyenera kumva mlandu wake tikulisiya kutali. Nkhani yoti kaundula wa anamwino aziulula chiyani ndi kubisa chiyani iyenera kuyambira pamenepo.

Kaundula wa anamwino sanabadwire kuno. Ku Britain azamba anayamba kulembedwa potsatira lamulo la 1902, ndipo anamwino anatsatira mu 1919, Ethel Gordon Fenwick ndi anzake atalimbikira nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 30. Mayi yemweyo ndiye analembedwa pa nambala 1. Cholinga chinali kuteteza odwala, kuti aliyense wovala zoyera asamangodzitcha namwino, ndiponso kuti wolakwitsa kwambiri azifufutidwa m'buku. Mabuku oyambawo, amene anayamba kusindikizidwa mu 1922, ankaonetsa dzina, nambala, kumene munthu anaphunzira ndi keyala yake, ndipo panalibe wodabwa nazo. Anamwino ambiri a nthawiyo ankagona m'nyumba za chipatala moyang'aniridwa ndi matroni, ena ankaitanidwa ndi mabanja kukasamalira odwala pakhomo, choncho keyala inkawathandiza kupeza ntchito. Komanso chibuku cholemera chokhala mu laibulale sichinali chinthu choti munthu wopsa mtima nkuchitsegula usiku womwewo. Lero kaundula wa ku Britain ali pa intaneti, koma wofufuza amangoona dzina, ngati munthuyo ali wololedwa kugwira ntchito, ndi dera limene ali. Nyumba yake sailemba. Eni ake a mwambowu anafika pozindikira kuti kudziwa ngati munthu ali namwino weniweni ndi nkhani ina, kudziwa kumene amagona ndi nkhani inanso.

Kuno, m'nthawi ya atsamunda, anthu akuda ankaphunzira za chipatala makamaka m'mamishoni, ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Nkhoma ndi kwina, ndipo oyang'anira mawodi ambiri anali azungu ophunzira kwawo. Ufulu utabwera mu 1964 zinthu zinayenda mofulumira. Mu 1965 sukulu ya anamwino ya boma inatsegulidwa ku Blantyre, mu 1966 lamulo linakhazikitsa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo chaka chomwecho zipatala za mipingo zinapanga mgwirizano umene lero timautcha CHAM. Kamuzu College of Nursing inabwera mu 1979, ndipo lamulo la anamwino linakonzedwanso mu 1995. Bungweli ndilo limavomereza sukulu, kulembetsa mayeso, kusunga kaundula ndi kumva madandaulo. Likhoza kudzudzula namwino, kumuimitsa kapena kumulanda chilolezo, chimene namwino aliyense amayenera kuchikonzanso chaka ndi chaka. Mwalamulo ndiye kuti mayi wa ku Nsanama amene walekereredwa pobereka wakhala ali ndi kokadandaula kuyambira masiku amene boma lake la Machinga linkatchedwa Kasupe. Koma likulu la bungweli lili ku Lilongwe, dandaulo limafuna kulemba, ndipo tikunena za dera limene amayi ambiri anasiyira sukulu panjira ndipo pakhomo amalankhula Chiyao kapena Chilomwe. Namwinoyonso kawirikawiri ndi mlendo wotumizidwa kuchokera ku boma lina, wopanda mwinimbumba womuimira pa bwalo la mfumu. Onse awiri, wodandaula ndi wodandauliridwa, bwalo lowayenera lili kutali.

Pali chinanso chimene lamulo silinachiganizire mokwanira: wodwala sadziwa amene wamugwira. Kwa munthu wa kumudzi, mwamuna aliyense wa pachipatala ndi adokotala, mkazi aliyense ndi anesi, ngakhale akhale mlangizi wa zaumoyo, wothandizira m'wodi kapena wophunzira amene wabwera kudzayeserera ntchito. Kuchepa kwa anthu kunachititsa kuti ntchito zambiri zizigawiridwa kwa aliyense amene alipo. Tsegulani kabuku ka kuchipatala ka mayi wapakati, kaja kamasungidwa mu jumbo kuopa mvula: muli tsiku, muli mayina a mankhwala olembedwa mwachidule, ndipo pamapeto pali kasaini kokhotakhota kamene ngakhale mnzake wa pantchito amachita kukayerekeza. Pakachitika zovuta, banja limakumbukira nkhope, kapena dzina limodzi limene linamveka m'wodi. Ndiye dziko lino a Banda, a Phiri ndi a Mwale alipo angati? Namwino amene analandira wodwala m'mawa, amene anali pa ndandanda koma anaperekeza mayi wina ku Liwonde pa ambulansi, kapena amene amangofanana dzina ndi mnzake, akhoza kusenza mlandu wa mwini. Kumeneku si kusemerana chinyau mwadala. Banja limakhulupirira ndithu kuti lapeza wolakwa, ndipo nchifukwa chake kulakwitsa kotereku nkoopsa kuposa bodza.

Kukayikira anthu a chipatala kuli ndi mizu yakale kuposa kaundula. M'zaka za atsamunda ku Northern Rhodesia kunkamveka za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo nkuwakhetsa magazi kuti akapatse azungu, ndipo wolemba mbiri Luise White anaonetsa m'buku lake la mu 2000 kuti nkhani zotere zinali ponseponse kum'mawa ndi pakati pa Africa. Kuno, anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre pakati pa 1968 ndi 1970, manong'onong'o anali akuti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Kumapeto kwa 2002 mphekesera za anamapopa zinabuka m'chigawo chakummwera, ndipo mu January 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa pomuganizira kuti akusunga opopa magazi. Mu September ndi October 2017 zinayambiranso ku Mulanje ndi Phalombe nkufalikira ku maboma oyandikana. Anthu osachepera 8 anaphedwa, United Nations inachotsa antchito ake m'maboma awiriwo, ndipo bungwe la madokotala linanena poyera kuti palibe umboni uliwonse wa kupopa magazi, nkudandaulanso kuti ma ambulansi akugendedwa ndipo ogwira ntchito ena akuvutitsidwa chifukwa chonyamula kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima. Pa milandu yonseyi palibe umene unayambira pa kalata yopita ku bungwe la anamwino. Inayambira pa msika ndi pa mjigo, ndipo woganiziridwa ankagamulidwa pomwe wapezekapo.

Kolera inabweretsa nkhaniyi pakhomo penipeni. Boma linalengeza za mliri pa 3 March 2022 wodwala wina atapezeka nayo pa chipatala cha Machinga ku Liwonde, ndipo pofika pakati pa 2023 anthu oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse, mliri woipitsitsa wa matendawa m'mbiri yathu. Mu February 2023, mwezi womwe boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera, anthu anaukira chipatala cha Nandumbo ku Balaka, boma limene linali mbali ya Machinga mpaka 1998. Anamenya ogwira ntchito ndi kuwononga katundu powanena kuti akufalitsa kolera ndi majakisoni. Nkosavuta kuseka mlandu umenewu, koma tiyeni tione zimene maso a m'bale amaona. Wodwala kolera amafika mochedwa, thupi litauma, maso atalowa, mitsempha itabisala. Namwino amavutika kupeza pobaya, amaika diripu, ndipo nthawi zina munthu amatsirizika madzi asanalowe okwanira. Kwa namwino, munthuyo anaphedwa ndi tsiku lathunthu lotsegula m'mimba kunyumba. Kwa m'bale, anafika akulankhula, anabayidwa, nkufa. Kenako mtembo umathiridwa mankhwala nkukulungidwa mu pulasitiki, achibale osaloledwa kuusambitsa, m'dera limene Asilamu ndi Akhristu omwe kusambitsa maliro ndi ulemu womaliza umene sasewera nawo. Zofanana zinachitika pa maliro a Covid-19 m'maboma angapo mu 2021, ndipo ku Nampula, m'dziko la Mozambique, othira mankhwala m'zitsime akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene powanena kuti akuthira kolera.

Ena amati zonsezi ndi umbuli basi, ndipo mankhwala ake ndi sukulu ndi apolisi. Yankho limenelo ndi lopepuka mopitirira. Anthu amaona magazi akutengedwa tsiku ndi tsiku, a malungo, a HIV, a kusikelo, kawirikawiri popanda wowafotokozera kumene akupita. Amaona mankhwala akusowa pa zenera la chipatala koma akupezeka pa golosale. Ndipo boma lenilenilo linawakankhira kuchipatala mwamphamvu: mu 2007 linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, Bingu wa Mutharika nkufewetsa chiletsocho mu 2010, koma mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa wochilira pakhomo. Amayi anamvera, anadzaza zidikiro, pamene anamwino anali atachepa kale chifukwa cha Edzi ndi kupita kukagwira ntchito ku Britain, mpaka boma linachita kuyambitsa dongosolo lapadera mu 2004 lowonjezera malipiro ndi 52 peresenti kuti otsala asathawe. Imfa imene kale inkachitikira m'chikuta, pakati pa anamkungwi ndi achibale, tsopano inayamba kuchitikira m'manja mwa mlendo wovala yunifolomu. Ambulansi ikasowa mafuta, magetsi akazima, magazi akasowa ku Liwonde, amene anakonza bajeti sapezekapo. Pamakhala namwino yekha. Mkwiyo wa anthu uli ndi chifukwa chake, koma umagwera amene waima pafupi.

Tisanamizane kuti makhoti salakwitsa. Ku Libya anamwino 5 a ku Bulgaria ndi dokotala wa ku Palestine anamangidwa mu 1999 powaganizira kuti anapatsira dala HIV ana oposa 400 pa chipatala cha ku Benghazi. Anagamulidwa kuti aphedwe mu 2004, ngakhale akatswiri anaonetsa kuti kachilomboko kanayamba kufala m'chipatalamo iwo asanafike, ndipo anamasulidwa mu July 2007. Ku Netherlands, Lucia de Berk anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse mu 2003 chifukwa chakuti odwala ambiri ankamwalira iye ali pa ntchito, mpaka mu 2010 khoti linavomereza kuti panalibe umboni woti wina anaphedwa. Onsewa anazunzika zaka zambiri popanda chifukwa. Komabe anatuluka amoyo, chifukwa mlandu wa m'khoti umasiya mapepala, umalola apilo, umapatsa akatswiri nthawi yobwera ndi umboni watsopano. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo phindu la bwalo lili pomwepo: limachedwa mokwanira kuti mitima izizire, mafayilo awerengedwe, ndandanda ya usiku umenewo ionedwe. Gulu la anthu likafika pa nyumba ya namwino ndi miyala, palibe chimene chimabwezedwa mawa lake.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi ichi: kodi kubisa kumene namwino amakhala si kuteteza olakwa? Pakuti olakwa alipo. Amayi ambiri ali ndi nkhani za kutukwanidwa m'chipinda chochilira, za kusiyidwa okha namwino ali pa foni. Mu 2019 Martha Chizuma, ali Ombudsman, anatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb lokhudza amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu za boma, ndipo linaloza kulekerera kwa ogwira ntchito pamodzi ndi kuperewera kwa zipangizo. Amene angalembe ngati kuti namwino aliyense wonenedwa ndi wosalakwa akunyoza amayi amenewo. Koma tifunse chimene wodandaula woona amafunikira. Amafunika dzina lonse la amene anamuthandiza, nambala yake ya m'kaundula yomusiyanitsa ndi a dzina lofanana, chitsimikizo choti chilolezo chake chili bwino, chipatala chimene amagwirako, ndi zotsatira ngati anapezekapo wolakwa. Zonsezi ziyenera kukhala poyera, ndipo ine ndikadakonda zikadakhala poyera kuposa mmene zilili, kuyambira pa baji ya pachifuwa mpaka pa chidindo chowerengeka m'kabuku ka wodwala. Keyala ya kunyumba siwonjezerapo kanthu pa chilungamo. Mlandu wa chipukutamisozi pa chipatala cha boma umapita kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, pa cha mishoni umapita kwa eni chipatala, ndipo chisamani chikhoza kuperekedwa kuntchito. Bungwe la anamwino liyenera kudziwa kopeza munthu wake, khoti likafuna limupeze, koma wofunsa aliyense sayenera kupatsidwa njira ya kumene kuli ana ake.

Wina anganene kuti zimenezi ndi nkhawa za m'tauni, poti pa Nsanama ngakhale mwana wa sitandade 2 akhoza kukulozerani nyumba ya anesi. Nzoona, koma kudziwa kwa mnansi kumabwera ndi udindo. Amene amadziwa khomo la namwino chifukwa amatunga naye madzi amodzi ndi yemwenso mawa adzamufune, ndipo mfumu imamudziwa. Kudziwa kochokera pa mndandanda wotumizidwa pa WhatsApp kulibe manyazi otere: kumafika kwa munthu wa kutali amene sanamuonepo namwinoyo ndipo sadzamufunanso. Chachiwiri, njira yakale yopulumutsira wogwira ntchito amene zamuvuta ndi kumusamutsa, ndipo kusamutsa kumathandiza kokha ngati mphekesera sizingamulondole. Masiku a mafayilo a m'kabati izi zinkatheka zokha. Kuyambira 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa pa ziphaso za unzika, ndipo kenako manambala a foni analumikizidwa ndi ziphasozo, kulondola munthu kwakhala kosavuta kwa aliyense amene kaundula wamugwera m'manja. Malamulo athu amakoka mbali zonse ziwiri. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 panabwera lamulo la Data Protection. Awiriwa sakulimbana ngati tisiyanitsa bwino: za udindo wa namwino ndi za anthu onse, za pakhomo pake ndi zake.

Komabe kutseka kaundula kokha kungakhale kuchita theka la ntchito, ndipo mbiri yathu ili ndi chenjezo pamenepa. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, koma silinapatse wofedwa kwina kokafunsa chimene chapha m'bale wake. Patha zaka zoposa 100, kulozana sikunathe. Kunangochoka pa bwalo nkupita kumdima, kumene agogo amaphedwa popanda wowafunsa mbali yawo. Chimodzimodzi, kuuza banja kuti musayandikire nyumba ya namwino popanda kulionetsa khomo lina ndi kungosunga mkwiyo kuti udzaphulike tsiku lina. Mu 2018 unduna wa zaumoyo, mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman, unayamba kuika olandira madandaulo m'zipatala, ndipo makomiti a anthu a m'mudzi oyang'anira zipatala analipo kale. Maganizowa ndi abwino, koma ali ndi chilema chimene wodwala aliyense amachiona msanga: wolandira dandaulo nthawi zambiri ndi wantchito wa pompo, amene amadya nsima ndi wodandauliridwayo. Banja limene likukayikira kale silingakhutire ndi yankho lochokera kwa iye, ndipo namwino wosalakwa sayeretsedwa m'maso mwa mudzi ndi mawu a mnzake. Pamafunika munthu wochokera kunja, wofika maliro asanaiwalike, womva Chiyao, amene angakhale pansi ndi banja, agulupu, shehe kapena abusa, nkutsegula fayilo ndi kufotokoza ola ndi ola zimene zinachitika, ndipo ngati pali cholakwa, nkulitengera yekha dandaulolo ku Lilongwe. Bungwe lomenyera ufulu wa anamwino la NONM lakhala likudzudzula kumenyedwa kwa mamembala ake nthawi zonse zikachitika, ndipo apolisi amamanga anthu angapo, koma zimenezo zimabwera mawindo atasweka kale. Chotsatira chake chimadziwika: ogwira ntchito amathawa, chipatala chimaima kwa masiku, ena amapempha kusamutsidwa, ndipo omaliza maphunziro ku Malosa kapena ku Zomba akamva dzina la malowo amayamba kufunsa ngati kulibe kwina kumene angatumizidwe.